Mvula yagwa m'gemu yathu, achimwene

Achimwene, gemu yathu ya nkhondo ya pa foni ija aisintha. Nditaitsegula m'mawa uno ndapeza aikamo dzinja: mvula ikugwa, mitsinje ikusefukira, asilikali akutitimira m'matope. Ndinaseka n'kutembenuka kuti ndikuonetseni, nditaiwala kuti tinakuikani m'manda chaka chatha. Kodi mukukumbuka tsiku lija titakhala pa chulu cha kuseri kwa chigafa, pomwe netiweki imagwira, manja ali bii ndi fodya? Munadandaula kuti gemuyi yayamba kutopetsa, chaka ndi chaka nkhondo yake yomweyomweyo. Munati, "Opanga zimenezi sanagwirepo khasu eti? Dziko lanji lopanda dzinja? Aikemo matope ngati a msewu wa ku Kabudula, tione ngati ngolo zawozo zingadutse." Akumverani tsopano, koma achedwa.

Mudzi wanu wa m'gemumo udakalipo. Adani sadziwa kuti mwini wake anatisiya, amabwerabe kudzauthira nkhondo, ndiye ndimautchinjiriza ndine. Lero sindinamenyane ndi aliyense. Ndangokhala pa chulu paja ndekhandekha, kuonerera mvula munkaifuna ija ikugwa pa madenga anu.