Boti la Che Jafali si lasitiki

Pa kaunjika pa Mangochi amandidziwa. Chizungu changa n'chopereŵera, koma mawu anayi ndinawaloweza pa timapepala ta m'khosi mwa zovala: sitirechi, lasitiki, firisaizi, ajasitebo. Onsewa akunena chinthu chimodzi, kuti chovalacho chimatanuka. Munthu akadandaula kuti malaya akumuthina, ndimangomuponyera liwu limodzi, iye n'kupisa m'thumba.

Lachiwiri lapitali ndinkachoka ku Makanjira kupita ku Monkey Bay pa boti lamatabwa la Che Jafali, ndili ndi belo langa la zovala. Ndinanenerera mtengo mpaka mkuluyo anakweza manja. Ndinakhala pa belo paja ndikudzitama mumtima.

Tisananyamuke panafika mabanja atatu othawa nkhondo ku Mozambique, mapazi otupa, mitolo ndi thumba la chimanga pamutu. Che Jafali anawakweza onse.

"Che Jafali, kodi botili silinadzaze?" ndinafunsa.

"Achimwene, mwaiwala? Buluku lija munandigulitsa munati firisaizi, mpaka lero sindiwerama nalo. Botinso ndi firisaizi. Sunthani!"

Ndinaseka nawo. Mwera utatipeza pakati pa nyanja, kuseka kunatha. Ndikatsitsa dzanja kunja, zala zinkakhudza madzi ndisanawerame n'komwe. Funde loyamba linalowa. Lachiwiri linatinyowetsa mpaka m'chiuno. Mayi wina wa othawa nkhondo aja anatsitsa mwana kumsana, n'kumuika pachifuwa, n'kumanga chitenje mfundo ziwiri. Ndinamva tanthauzo lake: ngati n'kumira, amire limodzi.

"Katundu apite!" anakuwa Che Jafali. "Belo lanu kapena chimanga cha mayiwa. Msanga, wallahi!"

Abale, ndisakunamizeni. Pakamwa panga panatseguka kuti ndinenerere. Mayi aja anangondiyang'ana, ine n'kutseka. Amuna atatu tinakankha belo lija, masitirechi onse ndi mafirisaizi ake, n'kuyamba kukapa madzi ndi mbale. Tinafika.

Chikundisowetsa mtendere si belo ayi. N'chakuti tonsefe tayamba kuganiza ngati ine ndili pamsika, kuti chilichonse chimatanuka. Lole ikadzaza timati sunthani. Pa mjigo umodzi pakutunga midzi iwiri, sunthani. Odwala agona pansi m'chipatala, sunthani.

Alendowa sanalakwe, kwawo kukuyaka moto. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, koma mame awa sakukamuka, ndipo mawa kubweranso ena. Kodi tawonjezerapo boti ngakhale limodzi? Kapena tikudikira kuti matabwa aphunzire Chizungu?

Funsani ine amene ndimagulitsa lasitiki. Amatanuka ndithu, koma tsiku loduka sachenjeza.

Lachisanu Che Jafali abwereranso ku Makanjira, ndipo pagombe akawapeza anthu ali kudikira ndi mitolo yawo. Tsiku limene m'botimo mudzakhale mulibe belo loti ataye, adzataya ndani?