Foni ya apongozi m'wodi ya amayi

Mlamu wanga anabereka mwana wosakwana masiku, achimwene ali ku Joni, ine ndili ku Uliwa komwe ndimaphunzitsa. Mlamuyo kwawo ndi kufupi ndi Songwe, ndipo Chichewa chake chimathera pa "zikomo". Khandalo anamwino anathamangira nalo kuchipinda chofunditsira ana, mayi wake n'kutsala pabedi osadziwa kanthu.

Namwino, wochokera kumwera, ankafuna kumuuza kuti afinyire mkaka m'kapu, mwana amwetsedwe ndi kachubu. Analankhula, nakweza mawu, ngati kuti Chichewa ukachikuwa chimasanduka Chinkhonde. Zitakanika anaimba nambala imene achimwene anasiya, ya bambo athu.

Kwathu mkazi sayang'anana ndi apongozi ake aamuna, kulankhulana ndiye ayi ndithu. Akawaona panjira amapatukira kutchire. Tsono tangoganizani, foni ataikweza, mawu a bambo akumveka wodi yonse, namwino akuti, "Agogo, auzeni afinye bere." Bambo anatsokomola, nati, "Mama, izo ine yayi," n'kudula foni. Mlamu anadziphimba chitenje kumutu, nayamba kulira.

Namwino anangoti mayiyu ngwamakani, napita. M'wodimo munali amayi ambiri a Chinkhonde, koma kufunsako mmodzi kunamukanika. Bambo nawo anaisunga nkhaniyo mpaka mawa lake, ati manyazi. Manyazi, mdzukulu akugonera madzi a diripi! Mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwira, ndipo sindidziwa kuti ndiyambe kukalipira ndani.

Bambo atandiuza, ndinasiya ana m'kalasi choko chili m'manja, n'kuimbira namwino uja.

"Mpatseni foni mlamu wanga."

"Aphunzitsi, ameneyu samva zouzidwa."

"Mwamuuza m'chilankhulo chanji? Mpatseni!"

Atamupatsa, ndinamulonjera mlamu m'Chinkhonde. Anayankha ndi mawu osasa, nandifunsa chinthu chimodzi chokha: mwanayo amuika kuti, kuchipatala konko kapena kumudzi?

Iye ankadziwa kuti apongozi sangamveke pamaso pake pokhapokha pagwa maliro. Kuyambira dzulo lake anali atamanga mabere ndi nsalu kuti mkaka uume, monga achitira amayi otaya khanda.

"Ali moyo!" ndinakuwa, ana onse atasuzumira pawindo. "Ali moyo, akufuna mkaka wako. Masula nsaluyo!"

Mwanayo lero akuyenda, ndipo amalankhula Chinkhonde ngati wailesi. Koma mayi wake anamulira maliro tsiku lathunthu, iye ali kuseri kwa khoma, akudikira bere.