Timikanda ta pa Tinsapato ta Mwape

Ndine mayi wa mwana mmodzi, ndimakhala mu komboni ya George. Ndalemba izi chifukwa kuzinena ndi pakamwa sindingathe. Ndinatsala pang'ono kupha mwana wa mnzanga ndi chinthu chimene ndinaluka ndi manja anga. Choipitsitsa n'chakuti zitachitika ndinakhala chete, mlandu n'kugwera wina. Inu owerenga, makamaka amayi anzanga, ndimvereni mpaka kumapeto.

Sukulu ndinalekeza giredi 5, ndipo chibadwire ndine wamanyazi. Kuluka anandiphunzitsa ndi amayi Tembo, a kutchalitchi kwathu. Ndinkaluka tizisoti ndi tinsapato ta makanda, n'kumakagulitsa kusikelo, pamene amayi amakhala pamzere kudikira kuyezetsa ana. Koma kuitanira malonda kunkandikanika. Anzanga ankafuula, ine ndili phee ndi beseni langa pamiyendo, kenako n'kubwerera nalo lodzaza momwe ndinapitira.

Tsiku lina m'tauni ndinaona timikanda toyera tonyezimira, tokula ngati nandolo. Ndinaganiza kuti popeza pakamwa panga m'polemera, katundu azindilankhulira yekha. Ndinasokerera titatu pamwamba pa kansapato kalikonse. Poyamba ndinasoka ndi ulusi wokhuthala, wobwereza kawiri, koma ulusiwo unkaonekera n'kuipitsa kansapato. Ndinamasula, n'kusoka ndi kaulusi kamodzi kopyapyala, kuti timikandato tizioneka ngati tangomera pomwepo.

Nditawaonetsa amayi Tembo, anatembenuza kansapato uku ndi uku, n'kukoka mkanda umodzi ndi chikhadabo. Anati, "Vaoneka bwino, sinikana. Koma mwana saona na menso, aona na kamwa. Chamene chingachoke chizachoka." Ndinayankha kuti ndamva. Sindinasinthe kanthu.

Kusikelo beseni linayamba kutha dzuwa lisanafike pamutu. Amayi ankalandana, wina akuseka mnzake kuti, "Iwe, mwana wako manje waoneka monga wa ku mayadi!" Kwa nthawi yoyamba anthu ankandifunafuna ine, munthu amene sanali kundiona n'komwe. Zinandikoma, sindibisa.

Pali chinthu chimene chimandipweteka kuchilemba. Mwana wanga Taonga sindinamuvekepo tinsapato ta mikanda. Iye ankavala topanda kanthu. Ndinkadziwa kuti khanda likafika miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi limagwira phazi lake n'kuliika mkamwa. Ndiye musati sindinkadziwa. Ndinkadziwa.

Mnzanga weniweni anali mmodzi yekha, bana Mwape, kutanthauza amake Mwape, mayi wa kumigodi ku Kopala amene tinkakhala naye pabwalo limodzi. Tikapita kukatunga madzi pampopi wolipira wa pakiyosiki, iye ndiye ankalankhula m'malo mwa tonse awiri. Ataona tinsapato tija anati, "Iwe amake Taonga, wa ine Mwape aziyenda chabe monga nkhuku?" Ndinamupatsa toyera, tokongola kuposa tonse.

Loweruka lina m'mawa tinali kuchapa panja, Mwape atagona pachitenje pamthunzi, akusewera ndi mapazi ake. Mwadzidzidzi anasiya phokoso. Titacheuka, maso anali atatong'oka, kukamwa kuli yasa, koma kulira osatuluka. Bana Mwape anakuwa. Mayi wina wogulitsa tomato pamsewu ndiye anathamanga, n'kumunyamula mwana chafufumimba padzanja lake, n'kumumenya pamsana kangapo. Kanthu koyera kanagwera pafumbi, ndipo Mwape analira. Sindinamvepo kulira kokoma ngati kumeneko.

Anthu ali piringupiringu kuthamangira naye kuchipatala, ine ndinaona kansapato kamodzi katavuka pachitenje, konyowa ndi malovu, kaulusi kali lendelende. Inu owerenga, ndinakatola n'kukabisa m'chiuno. Kanzake kanatayika m'chipwirikiti cha m'basi yopita kuchipatala. Palibe anaganizako za nsapato.

Masana kunabwera apongozi a bana Mwape. Atauona mkandawo, umene wina anautola pafumbi paja, ananena, anthu onse akumva, kuti wachokera pa mikanda ya m'chiuno ya mpongozi wawo. Anati mkazi wosadziwa kusamala za kuchipinda ayenera kubwerera kwa alangizi akaphunzire kachiwiri. Nkhani yotere sinenedwa pabwalo, pali amuna ndi ana. Bana Mwape, munthu wa pakamwa pakuthwa uja, anangogwada n'kumalira. Ine ndinali pomwepo. Ndinayang'ana pansi.

Masiku anayi ndinakhala nako kansapato kaja. Lachitatu ndinapita ndi Taonga kusikelo, beseni nditalisiya kunyumba. Pamzere, kutsogolo kwanga, panali khanda pamiyendo pa mayi ake, litavala tinsapato tanga, phazi lili mkamwa. Sindikudziwa mphamvu ndinazitenga kuti. Ndinalumpha n'kulivula tinsapato tonse tiwiri. Mayi ake anandigwira dzanja akufuula kuti wakuba. Pamenepo ndinalankhula, ine wosalankhula, pamaso pa mzere wonse, n'kunena zonse.

Pobwera ndinapita molunjika kwa bana Mwape, n'kuika kansapato kaja m'manja mwake. Anakayang'anitsitsa. Kenako anati, "Va mukanda ningakukhululukire. Koma pamene apongozi benze kunivula pa bantu, iwe wenze uli apa." Ndinapitanso kwa apongozi aja kukagwada. Anandimva, koma mawu amene ananena pabwalo sanabwerere mkamwa mwawo. Mpaka lero kukiyosiki alipo amene amanong'onezana za bana Mwape. Iye amandipatsa moni, koma madzi amakatunga yekha.

Masabata otsatira ndinayenda ndi lezala khomo ndi khomo, mu George monse mpaka ku Lilanda, Taonga ali kumbuyo, ndikupempha amayi kuti ndidule mikanda. Ena anandithokoza. Ena ananditukwana kuti ndawaonongera nsapato yokongola. Amayi awiri sindinawapeze. Mmodzi ndinamva kuti anasamukira ku Kanyama, winayo sindidziwa ngakhale dzina lake.

Ndimalukabe. Maluwa ndimawaluka ndi ulusi womwewo wa nsapato, kuti pasakhale chochoka. Amayi Tembo akakoka ndi chikhadabo amagwedeza mutu kuvomereza. Beseni silitha msanga ngati kale.

Inu amene mumapanga zinthu za ana, kukongoletsa sikulakwa. Koma chimene simungamuveke wanu, musachiike pa mwana wa mnzanu. Ndipo mukalakwa, nenani tsiku lomwelo, mnzanu asanasenze manyazi anu.

Inu amayi a ku Kanyama, ngati mukuwerenga izi, kapena ngati tinsapato tija munapatsa m'bale wanu, ndi toyera, tili ndi timikanda titatu pamwamba. Musadikire kuti ndikupezeni. Tengani lezala lero.