Batani la belu pa makina oziziritsa

Linali Lachisanu loyamba la Novembala, 2 koloko masana, pamene makina oziziritsa m'chipinda chachikulu anakana kudzuka. Ndinali nditangolembedwa ntchito ya zamagetsi pa nyumba ina yogona alendo kufupi ndi Chipoka, ndipo ankandiyesabe. Tsiku lomwelo m'chipindamo munkayenera kugona mkulu wina wa chipani. Bwana sanachulutse mawu: "Akadandaula kutentha, Lolemba musabwere."

Fani inkazungulira, koma kompulesa inkangong'ung'udza kenako n'kudula. Magetsi a kumeneko ankafooka chigayo cha mpunga chikayamba kulira.

Akhuki athu, bambo wachikulire, anaima pakhomo mpeni uli m'manja.

"Achimwene, mwaimenya koma? Amene analipo inu musanabwere ankaipatsa khofi limodzi, basi."

"Nanga lero ali kuti?"

"Kwawo, akulima chinangwa. Inshallah mukawathandiza."

Chinkafunika ndi kapasita yodzutsira, kachitini kamene kamakankha mota kuti iyambe kuzungulira. Ku Salima sinkapezeka. Kuseri kwa khitchini kunali pampu yamadzi yakufa. Ndinaimasula n'kuchotsa yake. Koma kapasita yotere imafunika kamphindi chabe. Ikakhalitsa pamoto imaphulika, ndipo kachipangizo koidula ndinalibe. Ndinazula batani la belu pakhomo la ofesi n'kulilumikiza pakati, kuti chala changa chigwire ntchitoyo.

Anzanga a pantchitopo ankati ndiyatse pompo. Ndinakana. Kompulesa yotentha ukaikakamiza umaipsereza, choncho ndinaiphimba ndi thaulo lonyowa n'kudikira, bwana akuyendayenda pakhonde. Itazizira ndinayatsa, ndinadina batani, n'kulisiya. Inagwedezeka kamodzi n'kuyamba kulira bwinobwino.

Vuto linatsala limodzi: ikapuma, sikanadzukanso popanda chala changa, ndipo sindikanalowa m'chipinda cha munthu ngati ameneyo. Ndinalumphitsa waya pa choyezera kuzizira kuti isapume konse. Kenako ndinapalasa njinga kupita kuchigayo kukapempha mwini wake kuti atseke msanga. Anang'ung'udza, koma nditatchula amene akubwera anatseka.

Mlendo anafika dzuwa lisanalowe. Atadya anatuma akhuki kukapempha bulangete lachiwiri.

M'mawa mwake galimoto yake itatuluka pageti, ndinazimitsa makinawo. Bwana anandipatsa kiyi wa chipinda cha zipangizo kuti ndizisunga ine. Ndinaika kiyiyo m'thumba n'kukwera basi ya ku Lilongwe kukafuna chipangizo chenicheni.