Zala Zimene Makina Anakana

Ndikakumbukira agogo Esinati, mayi a mayi anga, chimayamba kundifika ndi fungo la masamba a tiyi onyowa ndi mame, losakanikirana ndi utsi wa bulugamu umene unkazinga nyumba za kampani kumalayini kuja. Ankandilera okha. Pobwera kothyola tiyi ankatula dengu pakhonde, n'kundigwira m'masaya ndi zala zakuda, zokhakhala ngati chitsononkho. Ine kumundako sankandilola n'komwe. "Iwe gwira pensulo," ankatero, "tiyi amadya munthu."

Chinthu chimodzi ankanyadira agogo: chiyambireni mavoti a zipani zambiri sanajombepo. Inki ya voti ikakhala pachala sankafuna kuti ichoke msanga, moti mbale ndinkatsuka ndine sabata yonse.

Ndili sitandade sikisi kunabwera kalembera wa ziphaso za unzika, ndipo anthu ankati wopanda chiphaso asadzayerekeze zovota. Agogo ndinawaperekeza kusukulu kumene ankalembera, atavala chitenje chawo cha kutchalitchi. Mnyamata wolembayo anawaika chala pagalasi la makina, kupukuta, kuikanso, koma osatheka.

"Agogo, zala zanuzi zilibe mizere. Makinawa sakukuonani."

"Sakundiona? Nanga inki ija imagwira chala cha ndani, mwanawe?"

Mnyamatayo sanali woipa ayi. Anawauza mwaulemu kuti apumitse zala masabata awiri, azidzola mafuta, mwina mizere ibwerera.

Apa m'pamene panali pothina. Chinali chilimwe, tiyi atachepa, ndipo kapitawo anangotsala ndi othyola owerengeka. Wojomba ankalowedwa m'malo, ndipo nyumba inkapita pamodzi ndi ntchito. Aneba anawachonderera kuti azisiye, voti sadya. Agogo anangoti, "Ndakalambira m'dziko muno. Ndidzafe ngati mlendo?"

Anakhaladi pakhonde masabata awiriwo, manja ali pamiyendo, akunyezimira mafuta ophikira. M'mawa uliwonse ankandiitana kuti ndiyang'ane padzuwa ngati mizere yayamba kuoneka. Ine ndinkawanamiza kuti eya, ikubwera. Bodza limenelo limandiwawa mpaka lero.

Titabwerera kusukulu kuja tinapeza ana akusesa m'kalasi. Olembera anali atasamuka dzana lake. Dengu la agogo nalonso linali litapatsidwa kale kwa wina, ndipo mwezi usanathe tinakweza mphasa ndi mapoto pa minibasi kupita kwa Nkando, kukapempha pogona kwa achibale. Anthu ankati kuboma amalembabe, koma agogo anali atayamba kutupa miyendo. Anamwalira mvula isanagwe, opanda chiphaso.

Pano ndine mphunzitsi ku Chitakale. Chaka chino, ana akandifunsa kuti nzika ndi ndani, ndimawerenga zimene zili m'buku, koma mumtima ndimakhala ndi mkwiyo. Ndikaika chala pa makina, amandizindikira nthawi yomweyo, mizere yonse ili bwinobwino. Sindinathyolepo tiyi ngakhale tsamba limodzi. Anandithyolera ndi agogo.