Kabwato Kopulumukira ka a Pascoe

A Lyall Pascoe anayendetsa basi ya ana asukulu ku Coffs Harbour, tauni ya m'mphepete mwa nyanja ku Australia, mpaka imvi zinamera, ndipo sanagundepo ngakhale bini ya zinyalala. Ena amati linali luso. Ena, makamaka amene ankawatsatira pambuyo pa galimoto zawo, amati basiyo inkapitiriridwa ndi njinga. Zonse ziwiri zikhoza kukhala zoona.

Atapuma pa ntchito anagula bwato lakale la matanga, laling'ono ndithu, n'kuyamba kulikonzekeretsa ulendo wa ku chilumba cha Lord Howe. Ndi ulendo wa masiku angapo osaona mtunda, ndipo pamafunika anthu awiri, kuti wina akagona wina aziyang'anira. Anzawo a pa doko anadzipereka, koma a Lyall ankangothokoza. Iwo ankafuna munthu mmodzi yekha, mkazi wawo a Merrin, kuti mapiri a chilumbacho akadzatulukira m'madzi adzakhale ndi womulozera.

Kukonzekera kunatenga nthawi yaitali, moti pa doko bwato lawo ankangolitcha sitolo. Timiyuni tofiira toitanira thandizo ankatisunga m'botolo, botololo m'thumba la pulasitiki, thumbalo m'chidebe chotseka. Kachipangizo kotumiza uthenga kwa opulumutsa anthu panyanja ankakayesa pafupipafupi, mpaka amene anawagulitsa anawachenjeza kuti batire litha asananyamuke. Lamba wodzimangirira kubwato ankamuvala ngakhale pomwa tiyi, bwato lili phee pa doko.

Koma mtima wawo wonse unali pa kabwato kopulumukira. Kameneka kamakhala kopindidwa m'bokosi loyera, lolemera. Bwato likamamira, munthu amaponya bokosilo m'madzi n'kukoka chingwe chake mpaka kumapeto, ndipo kabwatoko kamadzipopa kokha. A Lyall anamva kuti funde linakokololapo bokosi la munthu wina, choncho lawo analimanga padenga la kachipinda ka m'bwato. Akangomva nkhani ina yoopsa, ankawonjezera chingwe. Nkhani zoopsa pa doko sizisowa. Pomafika nyengo yabwino yonyamukira, bokosilo linkaoneka ngati katundu wa munthu amene akusamuka.

A Merrin anagwira ntchito yolongedza nthochi kuyambira ali mtsikana, ndipo zala zawo zinali zitayamba nyamakazi. Sanali munthu woopa madzi, koma sankalonjeza chinthu asanachigwire ndi manja. Loweruka lina m'mawa anakwera m'bwatomo, n'kuima akuyang'ana bokosi lija.

"A Lyall, mtanda wa tanga ukakumenyani m'mutu, bwato n'kumamira, amasule ichi ndani?"

"Sungandimenye. Ine ndimawerama."

"Pa Isitala paja munawerama?"

A Lyall anagwira pachipumi pamene mtandawo unawamenya.

"Ndiye mumve," anatero a Merrin. "Ndikalephera kuliponya ndekha m'madzi bokosi limeneli, ine sindipita. Mupita ndi a Col."

A Col Tsakiris, msodzi wopuma amene bwato lake linali pambali pomwepo, anadzutsa mutu pamene ankapala utoto. "Ganizani bwino, amwene! Ine ndimaliza mkonono, ndipo panyanja sindisamba."

A Merrin anagwada n'kuyamba ndi mfundo yoyamba. Anaikanda, anaipotokola, chikhadabo chinathyoka, mfundo ili chomwecho.

"Mukuyambira kolakwika, mayi," anatero a Lyall mokoma mtima. "Taonani. Mungokankha apa, kenako..."

A Lyall anakankha. Anakankhanso. Mchere ndi dzuwa zinali zitaumitsa mfundozo gwa, ngati mwala. Anayesa ndi mano, n'kukumbukira mochedwa kuti ena mwa manowo ndi oikirira.

"Musafulumire, mdala," anatero a Col. "Nyanja ndi yaulemu, idikira mumalize."

A Merrin anatsika n'kukakhala pa thabwa la doko, miyendo ili lendelende. Sanakalipe, ndipo n'zimene zinawaopsa a Lyall. Bambowo anayang'ana zingwe zawo, zonse zabwinobwino, chilichonse ndi nkhani yake. Anayang'ana mkazi wawo. Kenako anatulutsa mpeni n'kuyamba kudula chimodzichimodzi, nkhope ili ngati ya munthu amene ali pamaliro.

"Pepani, amwene," anatero a Col, atavula chipewa. "Zinali zingwe zabwino. Zinalibe chifukwa ndi munthu."

Koma vuto silinathere pomwepo. Bokosi litamasuka, a Merrin anayesa kulinyamula, ndipo silinasunthe n'komwe. Apa a Lyall, tiyenera kuwayamikira, sanatsutse. Anapempha a Col kuti awathandize, n'kulisamutsira kumbuyo kwenikweni kwa bwato, m'mphepete, pamene munthu angangolikankha. Analimanga ndi lamba mmodzi yekha wa ngowe yomasuka ukaikoka, ngakhale manja awo ankanyerenyetsa kufuna kuwonjezera. Nsonga ya chingwe chopopera anaimangirira kubwato, monga mmene ziyenera kukhalira.

"Tsopano mungogwira ngoweyo, muone ngati zala zikukwanitsa," anatero.

A Merrin anakoka ngowe, n'kuponda bokosilo ndi phazi. Chubwi!

"Mayi! Ndimati mungogwira!"

"Ine ndinati kuliponya m'madzi."

Bokosi linayandama, ndipo madzi obwerera kunyanja anayamba kulitenga pang'onopang'ono kulowera ku mabwato a anthu. A Lyall ankadziwa bwino lomwe ntchito ya chingwe chija. Anali atafotokozerapo aliyense pa doko, ofuna ndi osafuna omwe. Koma munthu akaona katundu wake akupita, chingwe chili pafupi, manja safunsa mutu. Anachigwira n'kuyamba kukoka.

"Osakoka, iwe Lyall!" anakuwa a Col.

Chingwe chinkangobwera, bokosi osabwera. A Lyall anawonjezera mphamvu. Kenako chinalimba, iwo n'kutsomphola, ndipo panamveka phuu! Bokosi linang'ambika pakati, ndipo pamaso pa doko lonse panafufuma kabwato kachikasu, kadenga kake n'kudzuka kokha, kali psii, psii, ngati kakuwaseka.

Anthu a m'mabwato ena anaomba m'manja. Wina anafunsa ngati aitane opulumutsa.

A Lyall anakhala pansi, chingwe chili m'manja. Kabwato kotere kakadzipopa sikabwezedwa m'bokosi ndi munthu wamba. Kanayenera kutumizidwa kwa akatswiri, ndipo pobwera, nyengo yabwino ikhala itapita. Komanso ndi mkazi uti angapite pakati pa nyanja ndi mwamuna amene wachita zoterezi pa doko? Sanafune n'kuyang'ana komwe.

Atadzutsa maso, anaona a Merrin atavula nsapato, akutsika pa makwerero a kumbuyo kwa bwato. Anakokera kabwatoko pafupi, n'kudzigwetsera mkati mosasamala za ulemu. Kenako mutu unasuzumira pakhomo pa kadenga kaja.

"Muli fungo la mphira, koma simukulowa madzi," anatero. "Ndaliponya ndekha, ndipo ndakwera ndekha. Kakabwera kokonzedwa, tinyamuke."

"Mwati bwanji?"

"Mwamva. Chaka chino kapena chamawa, Lord Howe sathawa."

"Ndiye ine mwandichotsa ntchito?" anafunsa a Col.

A Lyall anangoyamba kupinda chingwe chija mwadongosolo. Kabwato kanali katayambanso kutengeka ndi madzi.

"Musapinde, bambo, ndikokeni!" anakuwa a Merrin. "Kukoka ndiye mumatha."