Gaga wa Mwana Wanga m'Damu la Eni

Chaka chimene mvula inadula chimanga chikungomasula kumene, ine ndinali tenanti wa fodya pa esiteti ina kuseri kwa Nsaru. Pofika Okutobala m'nyumba mwathu munalibe ufa ngakhale wodzola kumaso. Chinkatisunga ndi gaga. Mkazi wanga ankalawirira kuchigayo kukapetera anthu mphale, malipiro ake n'kukhala gagayo. Akabwera naye ankamuyanika, kumusefa, n'kuphika phala lokanda kukhosi limene mwana wathu wamkazi ankameza atatsinzina. Gaga yense ankakhala m'kathumba kamodzi kuseri kwa chitseko, ndipo aliyense m'nyumbamo ankadziwa pamene walekezera osachita kusuzumiramo.

Kumunsi kwa esitetiyo kunali damu lalikulu. Mwini wake ataona kuti fodya sakuyenda bwino anaikamo nsomba za makumba ndi milamba, namanga tizisakasa m'mphepete kuti anthu a mumzinda azibwera kudzawedza molipira. Ife matenanti tinkangolionera patali, poti mlonda wake analibe chibale. Tsono chaka chimenecho anakonza mpikisano wowedza wa masiku atatu. Malo ena atatsala, kapitawo anatiuza kuti amene amadziwa mbedza alowe nawo ulere, kuti gombe lisaoneke lachisoni pamaso pa alendo. Wopambana ankalandira matumba a feteleza. Nditamva mawu akuti feteleza, china chilichonse sindinachimvenso. Ndinali ndi kamunda kobwereka kuseri kwa zigafa za fodya, ndipo ndinadziwa kuti kakadya feteleza ameneyo, chaka chamawa mwana wanga sadzamezanso phala atatsinzina.

Mbedza ndinkaidziwa. Ndinakulira ku Phalombe, kufupi ndi Chilwa, ndipo kumeneko tinkati ukafuna makumba uyambe wawaitana ndi chakudya, azolowere malo amodzi. Chakudya chake n'chiyani? Gaga.

Ndinamuuza mkazi wanga tili pakhonde, iye akusankha timiyala m'lichero.

"Ndiye mukuti nsomba zidye gaga wa mwanayu, inu mukazigwira muzibwezerenso m'madzi, eti?"

"Ndiwo malamulo ake, amayi. Amangoyeza pa sikelo. Koma feteleza uja sabwezera m'madzi."

"Nanga mukapanda kupambana?"

"Anthu a m'tauniwo nsomba amaidziwira m'mbale," ndinatero. Ndinayankhula modzikhulupirira kwambiri, ndipo iye anaseka pang'ono, koyamba pa masabata ambiri. M'mawa mwake anandipungulira woposa theka la kathumba kaja.

Tsiku loyamba kapitawo anaima pa gombe ndi wezulo wake pakhosi, atanyamula chipewa chodzaza zotsekera za mabotolo. Chotsekera chilichonse chinali ndi nambala, ndipo nambalayo inkagwirizana ndi chikhomo chokhomedwa m'mphepete mwa damu. Pamene watola, pomwepo ndi pako. Nsomba uzisunge zamoyo m'kaukonde konga thumba kamene anatibwereka, madzulo aziyeze, azibwezere m'madzi, ndipo pamapeto aphatikize za masiku onse. Anafotokoza zimenezo basi.

Ndinatola malo amene mtima wanga unalumpha nditawaona: pansi pa mtengo wa mkuyu, madzi akuya, obiriwira, bango kumanzere. Chakumanja kwanga kunakhala bambo wina wa m'tauni, wonenepa, waulemu ndithu, ali ndi mpando wopinda, ambulera ndi mabokosi amene ndinalephera kudziwa ntchito yake. Ine ndinali ndi nsungwi, chingwe, kachidutswa ka patapata koyandama, ndi chitini cha nyongolotsi.

Ndinaganiza ngati mlimi, poti ndine mlimi. Masiku ndi atatu, choncho loyamba ndi lokonza munda. Ndinakanda gaga ndi dothi la pachulu kuti azimira, n'kuumba timipira, n'kumaponya malo amodzimodzi tsiku lonse. Sindinafune kugwira zambiri kuopa kuzidzidzimutsa. Ndinadula bango lotchinga, ndinazula ziyangoyango za pansi pa madzi ndi manja, ndinakumbanso popondera kuti mawa ndisaterereke.

"Achimwene, mukudyetsatu kwambiri," anatero bambo wa m'tauni uja.

"Munda umayamba ndi manyowa, bwana," ndinayankha.

Anatsegula pakamwa ngati akufuna kunena kanthu, koma nthawi yomweyo nsomba inamukoka, n'kuiwala za ine. Mpaka lero ndimadzifunsa chimene ankafuna kunena, ngakhale ndikuchidziwa.

Dzuwa litapendeka, madzi a pamalo anga anayamba kuchita thovu. Tinthovu ting'onoting'ono, apa ndi apo, kenako paliponse. Makumba anali atabwera, gulu lonse, akufukula pansi. Pa sikelo ndinali kumunsi kwenikweni tsiku limenelo, anzanga matenanti n'kumandiseka, koma ndinabwerera kunyumba ndikuimba mluzu. Ndinauza mkazi wanga kuti mawa kulibe kuwedza, kuli kukolola.

M'mawa mwake ndinafika anthu asanachuluke, n'kupita molunjika pansi pa mkuyu wanga. Ndinali nditakhala kale, ndikumangirira mbedza, pamene wezulo analira.

"Inu apo! Bwerani mudzatole!" anakuwa kapitawo, akugwedeza chipewa chija.

"Ndinatola kale dzulo, akapitawo."

"Dzulo linali dzulo. Timatola m'mawa uliwonse, kuti wina asakondereredwe."

A m'tauniwo sanadabwe n'komwe. Kwa iwo zinali zodziwikiratu, zosafunika kuzinena. Ndinayankhula mokweza, ndinanena za gaga, za bango limene ndinadula, za manja anga ochekekachekeka. Ndinati bwanji sanatiuze dzulo. Kapitawo anandisiya ndimalize, kenako anafunsa mofatsa, anthu onse akumva.

"Kodi malowo ndi anu? Munachita kugula?"

Funso limenelo tenanti sayankha. Ndinapisa dzanja m'chipewa.

Ndinatola kumapeto kwa damu, pamatope pamene ng'ombe za esiteti zimamwera, madzi olekeza m'mawondo, otentha ngati osamba wodwala. Malo anga anatola ndi bambo wonenepa uja. Anadutsa pafupi nane atanyamula mpando wake, osandiyang'ana kumaso. Anakakhala pamene ndinakumba popondera.

Tsiku limenelo ndi limodzi mwa masiku oipa amene ndakhalapo ndi moyo. Damu silibisa kanthu, umaona tsidya lonse. Bamboyo akangoponya, nsomba. Akaponyanso, nsomba. Mtengo wake wa mbedza unkapindika osapuma, makumba akuluakulu akuphiriphitha m'mwamba, onse mimba zodzaza gaga wa mwana wanga. Anthu anasiya malo awo kukamuonerera. Ine ndinagwira timakumba tochepa ngati zala, ndi chule mmodzi amene ndinamumenyetsa pansi ndi mkwiyo wosamuyenera.

Chinandiwawa kwambiri n'chakuti phunziro limeneli ndinali nditaliphunzira kale pamtunda. Chaka china ndinatuta manyowa a ng'ombe chilimwe chonse kuthira pa ndime imene anandipatsa, ndipo mvula itayandikira anandisamutsira ndime ina, yamchenga, yangayo n'kupatsa wina. Ndinalumbira kuti sindidzakonzanso nthaka ya eni. Koma palibe anandiuza kuti lamulo lomwelo limagwiranso ntchito pamadzi.

Pa nthawi yopuma bambo uja anabwera ndi buledi wopaka majarini. "Pepani achimwene, ndi mwayi chabe," anatero. Ndinafuna kumuponyera kumaso. Ndinalandira ndi manja awiri, n'kuthokoza, n'kuika m'thumba la malaya kuti ndikapatse mwana.

Kunyumba ndinafotokoza zonse nditaima, poti kukhala pansi kunandikanika. Mkazi wanga sanakalipe. Zikanakhala bwino akanakalipa. Anangoyang'ana mwana akudya buledi uja, kenako anapita kuseri kwa chitseko, n'kubwera ndi kathumba kaja. Anatapamo kapu imodzi n'kuika pambali.

"Uyu ndi wa mwana mawa. Wotsalayu tengani."

"Amayi, ndingosiya. Anzangawo sindingawapezenso."

"Mukasiya lero, gaga uja munathira kale wapita chabe. Pitani mukamalize."

Mawu ake analibe chikondi kapena chidani. Anali mawu a munthu amene watopa kuwerengera za mawa.

Tsiku lachitatu ndinatola malo abwinoko, pafupi ndi khoma la damu. Ulendo uno sindinakonzere munthu munda. Ndinkaponya gaga pang'onopang'ono, kampira kamodzi, nsomba imodzi, ndipo kampira kalikonse ndinkakamva ngati ndikukachotsa m'mbale ya mwana. Ndinawedza monga sindinawedzepo chibadwire. Makumba anabwera. Chakumasana mlamba waukulu ngati mwendo wanga unakoka, nsungwi inalira kufuna kuthyoka, ndipo ndinalowa m'madzi mpaka m'chiuno kukaugwira m'makha. Matenanti anzanga anakuwa, amayi ena amene ankaonerera kuseri kwa mpanda wa waya analulutira. Kwa kanthawi ndinakhulupiriranso. Gaga anatha dzuwa lisanapendeke, ndipo ndinakutumulira kathumbako m'madzi.

Pa sikelo ya tsiku limenelo palibe anandiposa. Koma anaphatikiza masiku onse atatu, monga ananenera, ndipo tsiku la matope lija ndi tsiku lokonza munda lija anandikokera pansi. Anapambana ndi bambo wonenepa uja. Anthu anawomba m'manja, anajambulitsa ataima pafupi ndi matumba a feteleza, ndipo ndinamumva akuuza mnzake kuti kapinga wa kunyumba kwake wayamba kuyezuka, fetelezayo amuthandiza.

Kapitawo anagwira kaukonde kanga kuti akhuthulire m'damu. Ndinamugwira mkono.

"Akapitawo, mlamba wokhawu. Umodzi wokha."

"Mukufuna andichotse ntchito, eti? Bwana akuyang'ana. Nsombazi ndiye bizinesi yake."

Anapendeketsa ukonde. Mlamba uja unaima kaye pang'ono m'madzi osaya, ukutakasa ndevu, kenako unapita.

Nditatembenuka ndinaona a m'tauni akulongedza. Asanaike zidebe m'galimoto ankakhuthulira nyambo yotsala m'damu, kuti isanunkhitse mipando. Chinali chimanga chophika, choyera, chamaso athunthu, zidebe zingapo. Ndinayamba kuyenda kuti ndikapemphe, koma manyazi anandigwira miyendo, ndipo pamene ndinawagonjetsa chidebe chomaliza chinali chitalowa kale m'madzi. Ndinaima pamenepo ndikuona chimangacho chikumira, makumba akuchilimbirana.

Ndinafika kunyumba dzuwa likulowa. Mkazi wanga anali pakhomo. Anayang'ana mapewa anga, anaona kuti palibe thumba, n'kubwerera m'nyumba. Koma mwana anandithamangira, nandigwira dzanja. Anaima, n'kulinunkhiza.

"Amama! Ababa abwera ndi nsomba!"

Anapisa m'matumba onse a malaya anga. Anatsegula chitini cha nyongolotsi. Anatambasula kathumba ka gaga kaja, n'kulowetsamo mutu. Kenako anazungulira kumbuyo kwanga, akuseka, poganiza kuti ndabisa pamsana monga ndinkachitira ndi nzimbe. Ndinamuuza kuti nsomba zatsala kudamu. Anafunsa kuti tikazitenga liti.

Ndinakhala pansi pakhonde. Iye anakhala pambali panga, dzanja langa lili m'manja mwake, akulinunkhizabe. Patapita kanthawi ndinamva lilime lake pa chala changa. M'nyumbamo mkazi wanga anali akupala kapu ija ndi supuni.